Shopu ya zikwangwani ndi matisheti mu Mzuzu: pitani, koma adada a kumbuyo aja aonepo kaye

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti chikwangwani cha pa kalesitilanti ka achemwali anga ku Chibavi tinapangitsa kuti, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Tinapangitsa pa shopu ina mu tauni momwemu, osati kutali ndi msika waukulu, kumene kumakhala phokoso la owotcherera zitsulo tsiku lonse kuja. Dzina sindilemba chifukwa m'munsimu ndidandaulanso zina ndi zina, koma mukafunsa akabaza kuti ndikufuna pamene amalemba zikwangwani ndi bulashi komanso ali ndi kamakina kowotcha zilembo pa thabwa akufikitsani. Ntchito amaitha anthu aja, izo sindikana, koma sikuti chilichonse chimatuluka bwino mofanana ayi, zimatengera kuti oda yako yadutsa m'manja mwa ndani ndipo ukapanda kudziwa zimenezi utha kulipira ndalama zambiri nkutenga chinthu chimene ukanachipeza pena paliponse.

Shopuyi ili pawiri. Kutsogolo kuli kauntala, mtsikana wolandira maoda, ndi mnyamata wa laputopu amene amapanga madizaini pa pulogalamu ya CorelDRAW, pambali pake makina odula sitika aja amati plotter, heat press yomatira madizaini pa matisheti ndi kutentha, ndi ina yaing'ono ya makapu, kenako pakona kamakina ka laser kowotcha zilembo pa thabwa kaja. Mabena akuluakulu sapulinta okha, amangopanga dizaini nkukapulintitsa kwina, izi amakuuza poyera sabisa. Ukadutsa kakhomo ka kumbuyo nde wafika kwina, shedi ya malata, zitini za penti mbwee, fungo la thinala lokhalokha, ndipo mmenemo mumakhala adada ena achikulire a kwawo ku Nkhata Bay amene anayamba kulemba zikwangwani makompyuta asanafike, nthawi imene dzina la golosale, la basi, la bwato, la bala, zonse zinkalembedwa ndi dzanja. Pali mnzawo wina wosema amene amabwera pakakhala ntchito ya matabwa. Mnyamata wa laputopu uja ndi mwana wa mchemwali wawo, amawaitana kuti malume, ndipo awiriwa amakangana tsiku ndi tsiku moti ukakhala pa benchi kudikira sutopa kkkk.

Ife tinaoda chikwangwani chachikulu cha lata cha panja, matisheti ndi maepuloni a antchito, timatabwa ta manambala ta pa matebulo, ndi thabwa limodzi lalikulu la mkati lolemba dzina la malowo.

Ndiyambe ndi nsomba. Achemwali ankafuna pa chikwangwanipo pakhale chambo ndi mbale ya nsima, kuti munthu wodutsa pa msewu asachite kufunsa kuti muno mumagulitsa chani. Mnyamata uja anangoti bigi musadandaule, masiku ano zimenezo ndi zosachedwa, analemba timawu mu pulogalamu ya AI pa foni yake nkutulukadi chithunzi chowala heve, madontho a madzi pa mamba, kandimu pambali, kuwala kwa dzuwa kukumenya pa mbale. Poyang'ana mwachangu chinali chokopa ndithu. Adada aja anatuluka kudzatenga choko, anangosuzumira pa sikirini nkufunsa kuti iwe, nsomba iyi ndi ya nyanja iti? Mnyamata kuti malume ndi chambo, iwo kuti chambo cha kuti chowonda chotere, chambo thupi lake ndi lalifupi lotambalala, chipsepse cha pamsana chimayambira kuseri kwa mutu mpaka kukafika pafupi ndi mchira ndipo kutsogolo kwake kuli minga, iyi yako ili ndi kachipsepse kamodzi pakati basi, munthu wa ku Chintheche akaona aseka mpaka agwe. Pa nsima nde panali povuta kwambiri, kompyuta inajambula chinthu choyera chopotoka chosongoka pamwamba, ayisikilimu weniweni, osati mitanda yoomoledwa ndi chipande. Ine mmene ndikuonera, mapulogalamu awa amaphunzira pa zithunzi zimene zadzadza pa intaneti, ndipo zithunzi za chambo ndi nsima ndi zochepa poyerekeza ndi nsomba ndi zakudya za kwa anzathu, nde ukaitanitsa chambo amakupatsa nsomba ya aliyense, yokongola koma yopanda kwawo.

Chimene chinachitika kenako nde chinandipangitsa kuti ndiwakhulupirire. Adada anatenga katoni yakale nkujambula chambo ndi choko, sanachedwe, mizere yochepa chabe koma kamwa, diso, mchira zonse pamalo pake, nsima mitanda itatu yosanjikizana ndi kambale ka ndiwo pambali. Mnyamata anajambula katoniyo pa foni, nkuilowetsa mu laputopu, nkutsata mizere ija imodziimodzi mpaka inasanduka chojambula choti utha kuchikulitsa mmene ungafunire osaphwanyika, anawongola pamene dzanja linanjenjemera, nkudula stenselo pa plotter. Stenseloyo ndi imene adada anaika pa lata nkupenta. Ndiye nsomba yomweyo, yofanana ndendende, ili pa chikwangwani, pa maepuloni ndi pa timatabwa ta pa tebulo, chinthu chimene dzanja lokha silikanakwanitsa ndipo kompyuta yokha inali italephera kale. Mnyamatayo pa kutsata mizere ndi katswiri, ndimuyamikire pamenepo, ali ndi mtima wodekha akagwira mbewa ya laputopu yake ija.

Zilembo nazo zinali ndi nkhani yake. Dizaini yoyamba inali ndi zilembo zopyapyala zopotanapotana zimene atsikana a makeke amakonda pa Facebook, pa foni zimaoneka bho koma adada anati munthu ali mu Sienta kapena pa kabaza ali ndi kamphindi kamodzi koti awerenge, akalephera wapita. Anasankha zilembo zonenepa zosavuta. Atapulinta sampulo pa mapepala nkulumikiza ndi selotepi, anakaimika kunja nkuwoloka msewu kukayang'anira kutsidya, akubwerera anayamba kudula zilembo ndi lumo nkumazisuntha, apa kufinya apa kutalikitsa. Ndinafunsa kuti kodi kompyuta siyeza molondola, iwo anati imayeza bwino kuposa ine mwana wanga, koma diso siliyeza ndi lula. L akatsatana ndi A pakati pamaoneka dzenje olo mpata uli wofanana ndi wa zilembo zina, ndipo O akaima ndendende pa mzere amaoneka wamfupi kuposa anzake nde amayenera kudutsako pang'ono pamwamba ndi pansi. Mnyamata anati mu Corel zimathekanso kusuntha chilembo chimodzichimodzi, amadziwa, kungoti makasitomala ambiri safunsa nde sadzivutitsa. Apa mpamene pali vuto la shopuyi, luso lilipo koma limatuluka likafunsidwa. Chinanso choti muonetsetse, mafonti ambiri okongoletsa aja alibe ŵ, ndipo kuno ku mpoto maina ndi mawu okhala ndi ŵ ndi ambiri, pa sikirini pamangotuluka kabokosi kapena w wamba. Onani sampulo musanavomere.

Kapentedwe ka lata kaja sikamasewera. Lata latsopano limakhala ndi mafuta ake pamwamba, ukangothira penti amakakamira miyezi ingapo kenako nkuyamba kusendeka, nde iwo amayamba alitsuka, kulipukuta ndi viniga, kupaka penti woyamba amati primer, kenako wachiwiri amati undercoat, kenako wowala wa pamwamba amati gloss kawiri. Mizere yowongolera zilembo amamenya ndi chingwe chopaka choko, kukoka nkusiya chimenye pa lata thaa, mzere wowongoka watuluka. Polemba amatsamiritsa dzanja pa kandodo kokulunga nsalu kunsonga kuti lisakhudze penti wamuwisi, ndipo bulashi yawo ya zilembo salola wina aigwire, amaitsuka okha nkuipaka mafuta pomaliza. M'mphepete mwa zilembo anaikamo kamthunzi kakuda mbali imodzi kamene sikanali pa dizaini, anati kuti dzina lidzuke, ndipo ladzukadi, ukachokera kumtunda umaliona patali.

Mnyamata poyamba anatilangiza bena yopulinta kuti ndi yotchipa komanso yachangu, zomwe ndi zoona. Bena ndi yabwino pa chinkhoswe, msonkhano wa mpingo, mpira, pulomoshoni ya mwezi umodzi, zinthu zoti zichitike zithe. Koma yendani mu tauni muone mabena a pa mashopu amene akhalitsa, mtundu wofiira ndi umene umayamba kusuluka, nyama ya pa chithunzi nkusanduka yotuwa, mphepo nkung'amba m'makona momwe anakhomera misomali. Pamene zikwangwani za penti zakalekale zina zikuwerengekabe eni ake anatseka bizinesi kale. Nde ngati malo ndi anu kapena lendi mwalipira ya nthawi yaitali, lata ndi penti basi.

Dandaulo langa loyamba ndi nthawi. Anatiuza tsiku loti tikatenge, tinapita sichinathe, anatiuza lina sichinathenso, ndipo foni ya pa kauntala ikayamba kuona nambala yako kawirikawiri imasiya kuyankhidwa. Chifukwa chake chinali chomveka, inali nyengo yozizira ija ya June ndi July pamene Mzuzu amadzuka ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, gloss sauma msanga kukakhala chinyezi ndipo ukapaka wachiwiri woyamba asanaume amakwinyika. Adada anakana kuthamangira, ndipo anachita bwino. Koma zimenezi akanatiuza tsiku loyamba lomwe, osati kulonjeza Lachisanu kuti ndalama ya dipoziti ilowe kaye. Munthu ukudziwa nyengo ya mzinda wako, unene zoona kasitomala akonzekere. Achemwali anatsegula malo sabata yoyamba ndi pepala lolemba ndi maka pa chitseko.

Dandaulo lachiwiri nde lalikulu, matisheti. Tinasankha a kotoni akuda, iwo anadula dzina ndi nsomba pa vinyl, kapulasitiki kopyapyala ngati sitika, nkumata ndi heat press. Tsiku lotenga anali okongola, zilembo zakuthwa, koma atangochapidwa kangapo ena anayamba kutukuka m'mphepete mwa zilembo nkumasendeka ngati khungu la mbatata yootcha. Vinyl imafuna kutentha kokwanira, cha m'ma digiri 150 mpaka 160, kwa timasekondi towerengeka ndi kupanikiza kofanana ponseponse, china chikaperewera guluu wake salowa mu nsalu. Mnyamata anavomera kuti tsiku limenelo magetsi ankangothimathima ndipo makina sankafika pa moto wake koma iye anapitiriza kuti oda ituluke. Chabwino, magetsi si mlandu wake, koma kupitiriza ukudziwa kuti moto sunakwane ndi mlandu wake. Anavomera kubwereza amene anasendeka osalipiritsa, kungoti mpaka titakokanakokana, poyamba mtsikana wa pa kauntala ankati mwina mumachapa ndi madzi otentha kapena mumasita pamwamba pa zilembo. Kusita pamwamba kumaonongadi vinyl, tembenuzani tisheti musite kumbuyo, koma athu sanasitidwe nkomwe.

Maepuloni anapanga ndi sefa, screen printing ija, ndipo amenewa alibe vuto olo pang'ono, amachapidwa pafupifupi tsiku lililonse ndi mafuta a kukhitchini aja koma nsomba ili nganganga. Apanso ntchito inali ya awiri, mnyamata anapulinta dizaini yakuda bii pa pepala loonekera, adada anapaka mankhwala pa sefa, kuumitsa mumdima, kuika pepala lija pamwamba nkuyanika pa dzuwa kanthawi, pamene kuwala kwafika mankhwala amalimba pamene pabisika ndi dizaini amachoka ndi madzi, nde inki imadutsira pomwepo akamakoka ndi labala. Kukonza sefa nkumene kumadya nthawi ndi ndalama, nchifukwa chake pa tisheti imodzi kapena ziwiri sizipindula, koma ngati ndi kwaya, timu ya mpira, gulu la banki m'khonde, sukulu, uzani kuti mukufuna sefa ndipo mtengo wa imodzi umatsika zikachuluka. Mitundu isachuluke, mtundu uliwonse umafuna sefa yake.

Za makapu ndi majezi amagwiritsa sublimation, ife sitinaodeko koma ndinaona akupanga a gulu lina. Mnyamata anafotokoza bwino kuti inki yake ikatenthedwa pafupifupi madigiri 200 imasanduka mpweya nkulowa mkati mwa ulusi wa polyester, nde siisendeka chifukwa palibe chomatidwa pamwamba, koma pa kotoni siigwira ndipo pa nsalu yakuda siioneka. Anabweza mayi wina amene anabwera ndi matisheti a kotoni kuti amuikire chithunzi cha malemu mwa njira imeneyi, anamuuza kuti amama zichoka mukangochapa, tipange njira ina. Pamenepo ndinamupatsa ulemu, wina akanangolandira ndalama. Komanso zithunzi muzitumiza pa WhatsApp ngati document, mukatumiza wamba foni imachifinya nde akachikulitsa nkhope imatuluka timabokosi. Ndipo mtundu umene mukuona pa foni si umene utuluke, sikirini imawala yokha pamene inki imadalira kuwala kwa panja, buluu wowala uja amatuluka wozimirira.

Pali kenanso kamene kanandinyansa pang'ono, osati pa oda yathu koma pa masampulo opachika pakhoma. Madizaini onse amene amati achikhalidwe ndi otengedwa pa intaneti, timabokosi ta kente wa ku Ghana, mkango, mapu a Africa, dzuwa likulowa kumbuyo kwa mtengo. Eti tili ku mpoto kuno kumene kuli mikanda ya Angoni a ku Mzimba ndi zishango za ingoma, mayunifomu oyera a malipenga a ku Nkhata Bay, Vimbuza amene UNESCO inawazindikira mu 2005, madengu ndi mphasa zolukidwa mochititsa kaso zimene zikugulitsidwa mu msika pafupi pomwepo, ku Museum ya Mzuzu nkongoyenda wapansi kukaona zinthu zimenezi, koma tisheti ya mwana wa pa Mzuni ikutuluka ndi nsalu ya ku Kumasi. Mnyamata akuti makasitomala ndi amene amasankha zimenezo. Mwina, koma amasankha pa zimene waapachikira.

Tsopano matabwa, mbali imene inandisangalatsa kwambiri. Timatabwa ta manambala anayamba kuyesa pa paini, poti paini ndi amene amapezeka msanga kuno chifukwa cha Chikangawa, nkhalango ija anaidzala kuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene siinamangidwe, olo kuti masiku ano ukadutsa pa M1 malo ambiri ndi zitsa zokhazokha ndipo thabwa labwino lakwera mtengo. Laser pa paini inatulutsa zilembo za mizeremizere, pena zakuda pena zotuwa, ndi timadontho ta utomoni wopsa. Wosema uja anangogwira kathabwako nkunena kuti paini ali ndi mizere yofewa ndi yolimba yosinthana, moto umadya kwambiri pofewa nkudumpha polimba, nde sizingafanane, anakatenga zidutswa za mlombwa zotsala pa ntchito ina. Pa mlombwa zinatuluka zooneka bwino, nambala ndi kachambo kakang'ono kokwana pa chikhatho, mamba onse kuoneka, zinthu zazing'ono zoti tchizulo singalowemo. Anamata tepi ya pepala pamwamba asanawotche kuti utsi usadetse m'mbali, pomaliza kuchotsa nkupaka vanishi. Pa ntchito yotere, tinthu tambiri tofanana tating'onoting'ono, makina apambana ndipo wosemayo sanatsutse.

Thabwa lalikulu la mkati nde linali la dzanja. Laser yawo ndi yaing'ono silikanakwanamo, komanso laser imangowaula pamwamba siikumba mozama. Anamata pepala la zilembo pa thabwa la mbawa, wosema nkuyamba kutsata ndi tchizulo ndi kanyundo ka mtengo, chilembo chilichonse amachikumba mbali ziwiri zopendekeka zokumana pansi pakati, nde kuwala kukamenya mbali imodzi imawala ina imachita mthunzi, zilembo zimasintha maonekedwe m'mawa ndi madzulo opanda penti aliyense. Ndinaona akafika pa mfundo ya thabwa amatembenuka nkuyambira mbali ina, anati ukalimbana ndi mmene mtengo unakulira umang'aluka nkuchotsa chibanthu, ndipo pa thabwa palibe kubwerera mmbuyo ngati pa laputopu. Pansi pa zilembo anasiya timabala ta sompho dala osasalaza ndi sandipepa. Achemwali poyamba ankafuna posalala, iye anati amama lekani kaye muone likapakidwa mafuta, ndipo anthu akalowa amaligwira thabwa lija asanakhale pansi. Mtengo wake unaposa wa timatabwa tonse tija kuphatikiza pamodzi ndipo sindikudandaula. Anandichenjezanso za ziboliboli zina za m'mbali mwa msewu zimene amati ndi mpingo pamene ndi mtengo wamba wopaka polishi wa nsapato, mpingo weniweni ndi wolemera ndipo kuda kwake ndi kwa mkati, kunja kwa mtengowo kumakhala koyera.

Anthu ena amayankhula ngati makina ndi luso la manja ndi adani amene angokumana dzulo, koma kuno ku mpoto zinafikira limodzi kalekale. Mishoni ya Livingstonia itasamukira ku Khondowe mu 1894, Dr Robert Laws anaika maphunziro a ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku pambali pa za m'kalasi, ndipo makina osindikizira a nthawi imeneyo ankafuna munthu wosanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi ndi zala, chagada, diso lomwe lija la mipata ya pakati pa zilembo. Ku Mua ku Dedza, Kungoni imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 yaphunzitsa osema ambiri ndipo zosema zawo zili m'matchalitchi ndi m'nyumba mpaka kunja, iwo sanalimbane ndi kupanga zambiri zofanana, anagwira nkhani zathu ndi nkhope zathu. Nde ine sindiona chifukwa choti shopu ngati iyi isankhe mbali imodzi. Chimene chikundidetsa nkhawa nchakuti anyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito pamenepa onse amaunjikana pa laputopu, ku shedi kulibe ndi mmodzi yemwe, adada amatsuka okha mabulashi. Iwo akuti achinyamata safuna kununkha thinala. Mnyamata uja naye amati adzaphunzira akapeza mpata, koma maoda a matisheti a maliro ndi maukwati samupatsa mpata, ndi amene amabweretsa ndalama ya tsiku.

Mitengo sindilemba manambala chifukwa ikusintha mwezi ndi mwezi, chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo vinyl, inki, matisheti opanda kanthu, mapepala a sublimation, zonsezi amaitanitsa kunja, zambiri kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Kotesheni yawo imakhala ya masiku ochepa, mukachedwa imasintha. Chimene ndinaona nchakuti ntchito ya kutsogolo mitengo yake ikufanana ndi mashopu ena a mu tauni, palibe kutchipa palibe kudula, pamene ntchito ya ku shedi ndi yotchipa kuposa mmene ikuyenera kukhalira ukaganizira masiku amene munthu amathera pa chikwangwani chimodzi. Kunenerera kulipo koma pa adada aja ine ndinachita manyazi kutsitsa. Amafuna dipoziti ya theka, amalandira Airtel Money ndi Mpamba, lisiti amalemba ukakumbutsa nde kumbutsani, ndipo pa lisitipo alembe tsiku lotenga ndi mtundu wa ntchito, sefa kapena vinyl, kuti pasadzakhale kukana.

Malo okhala podikira ndi benchi imodzi, pakagwa mvula pakhomo pamachita matope, galimoto muimike chapatali. Mtsikana wa pa kauntala ndi waulemu ukamaoda, ukabwera ndi dandaulo nkhope imasintha, izi akonze. Ngati muli ndi dizaini yanu kale bweretsani pa fulashi, koma konzekani kuti laputopu ija ili ndi mavairasi ake, ya ine inabwerako mafoda onse atasanduka ma shortcut.

Nde ngati mukufuna chikwangwani chokhalitsa, thabwa losema, maepuloni kapena matisheti ambiri a sefa, pitani ndipo mukafika musathere pa kauntala, pemphani kuti mulowe kumbuyo mupereke moni kwa adada, muwaonetse dizaini isanadulidwe kapena kupulintidwa olo ikhale ya tisheti, sakana ndipo salipiritsa kuyang'anako. Ngati ndi bena ya mawa m'mawa kapena tisheti imodzi ya bathidei, atha kukupangirani koma palibe chapadera, ndipo funsani kaye ngati magetsi alipo tsiku limenelo. Matisheti athu awiri otsala akuti ndikatenge Loweruka likubwerali, akuda a saizi yaikulu anali atatha akudikira katundu.